Penti Wakwirira Maluwa a Adada

Monire mose, abale.

Lero Gondwe wopenta uja wafika kuno ku Mwazisi ndi makina opopera. Timafuna timalize zitseko ndi mafelemu a m'nyumba ya Amama, akuchimuna a Tiwonge wathu asanabwere Loweruka kudzakamba za malowolo.

Atangoyamba, nozo ya makinawo, kamlomo kotulukira penti kaja, yatsekeka. Ina imene anali nayo ndi yaikulu, yopentera malata. Ine ndili kuchigayo, iye watenga nozo ya sipuleya yathu yopopera mankhwala pa fodya, waimangirira ndi mphira, n'kusungunula penti ndi parafini kuti azituluka.

Pobwera ndapeza penti akuyenderera pachitseko cha kuchipinda kwa Amama mpaka pasimenti. Maluwa amene malemu Adada anasema pamwamba paja adzaza penti onse, sakuonekanso. Amama ataona afunsa, "Gondwe, chitseko changa chasanduka fodya?" Iye akuti, "Chikauma chikongola chomene, mama." Ine sindikukhulupirira, ndamuimitsa.

Gondweyo akuti nozo yaing'ono ya zitseko, yomwaza penti mopyapyala, imapezeka ku Mzuzu. Koma mantha anga ali pamaluwawo. Penti akalimba m'mizere muja tidzachita kupala, ndipo thabwalo ndi lakale, lidzabenthuka.

Achimwene, muli ku Mzuzuko, mungaipeze nozoyo mawa? Kapena zitseko zinazi tingopenta ndi burashi, chosema Adada chija tichipukute lero ndi thina, mankhwala ochotsera penti aja, chikhale thabwa lokha?

Chonde yankhani penti asanaume.