Mbatata M'mphuno mwa Ndege

Alamu anga, a Fabiano, anabwera kuchokera ku Joni ndi kandege koyendera rimoti, kopangidwa ndi zoyera zopepuka zija amatchingira wailesi m'katoni. Anandipatsa ine kuti ndilumikize, poti kwathu ku Kaphuka wokonza mawailesi ndine.

Mapiko ndinamata bwino, timawindo ndinajambula tonse. Koma nditakaika pa zala ziwiri kunsi kwa mapiko, kankapendekera kumchira. Kankafunika cholemera kutsogolo. Kachitsulo panalibe pafupi, ndiye ndinatola kambatata ka kachewere, kulowetsa m'mphuno, n'kumata selotepi. Kandege kanakhazikika ndithu.

Batire ya kandegeko inachedwa kufika miyezi iwiri. Zoti mbatata imafota n'kupepuka ndinaiwala, ine mwana wa mlimi.

Tsiku loulutsa, pabwalo la mpira panadzaza anthu, ngakhale akwaya anasiya nyimbo pakati. Ndege inanyamuka, kuloza mphuno kumwamba ngati ikupemphera, kenako inagwa chamchira m'munda wa nyemba. Ndinathamanga liwiro lomwe sindinathamangepo chikwatire. M'mphuno yong'ambikayo munali kambatata kokwinyika, katayamba kale kumera. Ndinakaponya m'thumba.

"Chachitika n'chiyani, alamu?" anafunsa a Fabiano ali wefuwefu.

"Mphepo ya kuno ku Dedza," ndinatero. Tsamba ndi limodzi lomwe silinkagwedera.

Anayang'ana kumwamba nthawi yaitali. "Zoona. Za ku Joni sizinazolowere kuno."

Mpaka lero amachenjeza anthu za mphepoyo. Kambatata kaja ndinakabzala kuseri kwa nyumba. Kanabereka bwino, moti alamu atadya anandifunsa komwe ndinapeza mbewu.