Galimoto Yakuda pa Doko la Mtayamoyo

Tinanyamuka ku Blantyre nthawi ili hafu faifi m'mawa, Lachitatu lina mu Epulo, mvula itangokata kumene. Tinali awiri, ine woyendetsa ndi Mayi Rozina, eni galimoto, amene ali ndi sitolo ya mankhwala mu Limbe. Ndawayendetsa zaka zinayi tsopano. Ulendo unali wokatenga bambo awo, a Bizeki, amene amakhala ku Makhanga, kutsidya kwa Shire. Maso awo onse awiri anali atachita ng'ala, ndipo dokotala anali atawapatsa Lachinayi m'mawa kuti awachite opareshoni. Anali atajomba kale kawiri. Dokotala ananena mosabisa kuti akajombanso, malo awo apatsa munthu wina ndipo adikira miyezi yambiri.

Galimotoyo inali itangofika kumene, yakuda, ya mipando yachikopa. Kuifotokoza n'kovuta pang'ono. Ukaima kutsogolo uona saluni ya bwana, yosalala bwino. Ukapita m'mbali upeza kuti denga silitsika kumbuyo monga ichitira saluni, limangopitirira mpaka kumathero, ngati galimoto zija zonyamula banja lonse ndi katundu wake. Ukawerama uona kuti yakwera m'mwamba ndipo matayala onse anayi amakoka, ngati za mabungwe zoyenda m'midzi. Mayi Rozina anaikonda chifukwa cha zomwezo. Ankafuna galimoto imodzi yoti apite nayo ku msonkhano lero, mawa n'kupita nayo kumudzi.

Phiri lotsikira ku Chikwawa tinalitsika muli nkhungu, tili pambuyo pa lole ya simenti imene mabuleki ake ankanunkha kupsa. Pofika pa Thabwa nthawi ili cha m'ma seveni, juzi yanga ndinali nditavula kale. Wapolisi wa pa rodibuloko anaona laisensi yanga, kenako anaizungulira galimoto yonse pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo.

"Adalaivala, iyi tiziti ndi mtundu wanji? Saluni?"

"Ndi zonse, bwana."

"Zonse sizilembeka m'buku," anatero, n'kutikwezera dzanja kuti tizipita.

Pa Dyeratu tinamwa tiyi wamkaka ndi mandasi awiriawiri. Kuchoka apo msewu umangowongoka, ndipo galimoto inayenda ngati sikugunda pansi. M'kati munali mozizira, kunja anthu a kabaza akupalasa malaya atanyowa kumsana. Pa Nchalo tinadikira thirakitala ya nzimbe kuti idutse msewu. Mayi Rozina anaiyang'ana mpaka inalowa m'munda, n'kunena kuti bambo awo anayendetsa thirakitala yotere zaka zambiri, ndipo sukulu yawo yonse inachokera pa chiwongolero chimenecho.

Kupitirira Ngabu tinayamba kugawana msewu ndi ng'ombe, ngolo ndi maenje. Apa ndiye ndinaona phindu la kukwera kwake. Maenje amene minibasi inkawazungulira mpaka kutuluka mumsewu, ife tinkangowadutsa pang'onopang'ono popanda kukhula pansi. Pa Bangula tinafika hafu naini, msika utadzaza kale, fungo la nsomba zouma likulowa ngakhale mawindo ali otseka. Tinakhota kulowa msewu wafumbi wopita ku Mtayamoyo, pamene madzi anadula msewu wa ku Makhanga. Apo ndiye pothera galimoto iliyonse. Yathu, ndi mitundu yake yonse ija, bwato siinali.

Padokopo panali mabwato a injini ndi ena opalasa. Kuwoloka ndi K2,000 munthu mmodzi, njinga imalipira payokha. Titaima ndinaona kuti phokoso lachepa. Amayi ogulitsa nsomba anasiya kuitana malonda, ndipo bambo wina amene anakhala pa thumba la chimanga anavula chipewa. Mayi wina wachikulire anabwera mwakachetechete kwa Mayi Rozina, n'kugwada pang'ono.

"Pepani, mayi. Maliro ndi a kuti?"

Mayi Rozina anayang'ana mayiyo, n'kuyang'ana galimoto yawo. Anafotokoza m'Chisena kuti palibe amene wamwalira, angobwera kudzatenga bambo awo. Mayi uja anaseka, anapepesa, n'kubwerera ku nsomba zake. Koma pa doko anthu amabwera ndi kuchoka, ndipo aliyense wofika kumene ankayamba waiona galimotoyo asanamve zimene tinafotokoza. Ine ndinakakhala pansi pa mtengo n'kuiyang'ana ndili patali. Yakuda, yayitali kumbuyo, magalasi akuda. Anthuwo sindinawaone kulakwa.

A Bizeki anafika nthawi ili pafupi kukwana leveni koloko, atakhala pakati pa bwato, atavala jekete ngakhale kunkatentha chotero. Anawaperekeza ndi mlongo wawo, a Fineti, amene anawagwira dzanja potsika. Ndi bambo wamtali, woonda, ndipo ankayenda mutu uli chilili monga amachitira anthu osaona. Nkhani ya galimoto inali itawapeza kale pamadzi, chifukwa wopalasa bwato anali ataifotokoza bwino lomwe.

Mwana wawo atawalonjera n'kuwagwira mkono kuti apite nawo ku galimoto, anaima nji.

"Nkhabe," anakana m'Chisena, kenako anabwereza m'Chichewa kuti ndimve nanenso. "Ayi. Imeneyo sindikwera."

"Baba, ndi galimoto yanga. Ndagula ndine."

"Sandramu anapita ku chipatala chomwecho chaka chatha ndi miyendo yake. Anabwera m'galimoto yakuda yayitali, inaima pompano. Ndinalipo ine potsitsa bokosi."

A Fineti anandinong'oneza kuti a Sandramu anali mnzawo wa a Bizeki kuyambira ku minda ya nzimbe, ndipo masiku awiri aja sanajombe chifukwa cha madzi ayi, monga anauzira mwana wawo. Mayi Rozina anayesa njira zonse. Anafotokoza kuti opareshoni ya ng'ala ndi yaifupi, munthu sagonekedwa tulo n'komwe. Anatchula za dokotala ndi za tsiku lomaliza. Mawu awo anayamba kukwera, anthu anayamba kuyandikira, ndipo a Bizeki anauza wopalasa uja kuti asachoke, abwerera naye.

Ine ntchito yanga ndi kuyendetsa, za m'banja sindilowerera. Koma ndinaona kuti tikhoza kubwerera ku Blantyre awiri monga tinanyamukira, ndiye ndinalankhula.

"Baba, ndamva kuti inu ndinu dalaivala mnzanga. Bwanji muione nokha galimotoyi, m'malo momvera za anthu?"

"Ndiione ndi chiyani?"

"Ndi manja."

Anatambasula dzanja. Ndinawatsogolera mpaka pa boneti. Anayamba kutsogolo, kusisita magetsi, kutsika ku tayala, n'kulowetsa zala m'mizere yake. Anagwada n'kuyeza ndi mkono kutalika kwake kuchokera pansi.

"Iyi ikhoza kulowa m'munda," anatero. "Ilizeni."

Ndinailiza, koma iwo sanaimve. "Ikulira kale, baba," ndinatero.

Anaika khutu pa boneti. "Injini yamanyazi," anatero, ndipo anthu anaseka.

Anapitirira m'mbali, dzanja likutsata denga mpaka kumbuyo. Anandiuza kuti nditsegule, ndipo chitseko chitakwera chokha anabwerera m'mbuyo pang'ono. Kenako anawerama n'kuyeza m'katimo ndi mikono, m'litali ndi m'lifupi.

"Adalaivala, mundiuze zoona. Bokosi lilowa muno?"

Mayi Rozina anandiyang'ana. Ndinadziwa yankho limene ankafuna, koma munthuyo anali atayeza kale yekha.

"Mukagwetsa mipando, lilowa."

Anagwedeza mutu. Anaima pamenepo nthawi yaitali ndithu, dzanja lili pa chitseko. Kenako anaitana mlongo wawo.

"Fineti, mbatata ija itsike m'bwato. Mugule nsomba, zambiri. Rozina, ndikwera, koma kutsogolo, pafupi ndi mnzangayu. Kumbuyoku mudzaze mpaka pasatsale malo ogona munthu."

Mayi Rozina anayang'ana kapeti yatsopano ya m'galimoto yawo. Kuyambira tsiku limene inafika sankalola ngakhale thumba la makala kuyandikira. Kenako anavula chitenje chawo n'kuchiyala okha kumbuyoko. Munalowa matumba awiri a mbatata, mtanga wa makakana ouma, milamba yowamba, maungu, mtolo wa nzimbe ndi nkhuku ziwiri zomanga miyendo. Amayi a nsomba aja anagulitsa bwino tsiku limenelo. A Bizeki anapapasanso kumbuyo konse, anapeza mpata pakona, ndipo tinaikapo chikwama chawo.

Tinachoka pa doko itangokwana wani koloko, a Fineti atabwerera kutsidya. Tisanafike n'komwe pa Bangula, a Bizeki anadandaula kuti mphepo ya makina ikuwalowa m'mafupa, ndiye tinazimitsa n'kutsegula mawindo. Kutentha kwa chigwa kunalowa konse, pamodzi ndi fumbi, ndipo fungo la milamba linabwera kutsogolo. Mayi Rozina anakhala kumbuyo, nkhuku zikuwalira m'khutu.

Pa Ngabu tinaima kudya nyama yambuzi yootcha, ya K3,000 mbale, yothira tsabola ndi mchere. A Bizeki anadya bwino kuposa tonse. Kuchoka apo anayamba kutchula malo tisanawauze. Sitolo za m'mbali mwa msewu ankazizindikira ndi mawailesi, minda ya nzimbe ndi kaphepo konyowa, fakitale ya shuga ndi fungo lake lotsekemera. Anandifunsa kuti giya ndikusintha bwanji popeza sakumva dzanja langa likuyenda. Nditawauza kuti imasintha yokha, anati ndiye kuti malipiro anga ndi a kukhala pansi. Matayala atasintha kulira pa mlatho anati, "Shire uyu."

Phiri tinalikwera popanda vuto, katundu yense uja galimoto osamumva. Tili pafupi kufika pamwamba, mphepo itayamba kuzizira, a Bizeki anandigwira bondo.

"Pali malo pano pamene anthu amaima n'kuona chigwa chonse. Muime."

Nthawi inali itadutsa folo koloko. Ndinaimika pambali, tinatsika tonse atatu, ndipo ndinawatembenuza kuti ayang'ane kumene tachokera.

"Mukuona chiyani, adalaivala?"

Ndinawauza. Mtsinje ukukhotakhota, minda ya nzimbe yobiriwira ngati mabulangete oyala, utsi pamene akuotcha nzimbe, ndi kutali uko chifunga chokhachokha.

"Makhanga akuoneka?"

"Ayi, baba. Ndi kutali kwambiri."

"Simukudziwa poyang'ana inu. Pobwerera muimenso pano, ndidzakulozerani ndine."

Aka kanali koyamba tsiku lonse kuti atchule zodzabwerako ku chipatala. Mayi Rozina anatembenuka n'kupita kumbuyo kwa galimoto, akuti kukaona nkhuku, ndipo anakhalitsa kumeneko.

Ku Blantyre tinafika dzuwa lisanalowe. Potsika a Bizeki anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri n'kuti, "Takhuta," ndiko kuthokoza kwa kwawo. M'mawa mwake analowa m'chipinda cha opareshoni nthawi yake, jekete atasiyira mwana wawo.

Kwa amene akufuna kudziwa za galimotoyo, msewu wa kuchigwa imautha bwino, mafuta imamwa ndithu, ndipo fungo la milamba silichoka msanga m'kapeti. Chimene ndinaphunzira ine n'chakuti munthu wamantha ukamubisira chimene akuopa, amaopa kwambiri. A Bizeki anakwera nditawauza kuti bokosi lilowa.

Patatha milungu itatu ndinawabweza kwawo, ndipo pamalo paja ndinaima. Makhanga sanaoneke ndithu. Koma anatsika okha, popanda wowagwira dzanja, n'kundilozera kumene ali.