Dzina la amalume linatipeza ku Madaraka

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amalume, omwe anali mfumu kwathu ku Dedza, anamwalira. Ife tinkakhala ku Madaraka mu Nairobi, kumene bambo ankagwira ntchito. Amayi atabwerako kumaliro sanamasule n'komwe chikwama. Anatikhazika pabalaza, maminibasi a matatu akuliza mahutala kunja, n'kunena kuti mbumba yagwirizana: dzina la amalume alowe ndi achimwene anga, a Dalitso.

Achimwenewo anali atangoyamba kumene yunivesite, ndipo ndiwo ankandiperekeza kusukulu.

Bambo ndi Mngoni, ndipo tsikulo ungoni unawatuluka m'maso.

"Mwana ndi wanga, ndinalowola! Malemuwo analibe ana awo?"

"Ana awo ndi a kwa mayi awo," anayankha amayi. "Kwathu ufumu umapita kwa mwana wa mlongo. Mukudziwa bwino, bambo a Dalitso."

"Makolo anga anakugonjetsani kalekale. Mwambo wanuwo unayenera kuthera pomwepo."

Ine ndinkadziwa zomwe tinkaphunzira kusukulu, za mafumu a ku Ulaya: wopambana nkhondo amalanda dziko, mwana wake n'kulowa. Ndinkapemphera chamumtima kuti bambo apambanenso. Koma amayi sanakweze mawu. Anati Angoni atafika anaotcha mudzi n'kupha mfumu, koma mlongo wake anathawira kuphiri ali ndi pakati, ndipo dzinalo lilipo mpaka lero chifukwa cha mimba imeneyo.

Kenaka achimwene, amene palibe anawafunsa, anati, "Ndipita."

Bambo anatuluka osatseka chitseko. Ine ndinapsa mtima koopsa, moti ndinalondola amayi kukhitchini ndikulira.

"Mwawagulitsa achimwene! Bola ine ndine mkazi, zaufumu zanuzo sizindikhudza."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Apa m'pamene ndinaona kuti nawonso akulira.

"Iwe mwana iwe. Dalitso akadzamwalira, ukuganiza kuti anthu adzagogoda pakhomo pa yani?"

Sindinamvetse. Ndinkaona ngati amayi apambana mlandu, osadziwa kuti aluza mwana.

Lero ndimakhala ku Roysambu, mu Nairobi momwemo. Achimwene akulamula bwino kumudzi, koma shuga wawavuta. Mwana wanga wamwamuna amalankhula Chiswahili kuposa Chichewa, ndipo akufuna kudzayendetsa ndege. Sindinamuuzebe za dzinalo. Foni yochokera ku Dedza ikalira, ndimayamba ndamuyang'ana iye, kenaka n'kuyankha.