Mtima wa a Eveles ndi Chigayo cha pa Khombedza

Pa Khombedza, m'zaka zimene munthu sankalowa mumsika wopanda khadi la chipani, a Fletcher Masiye ankakonza mawailesi pakhonde la nyumba yawo, moyang'anana ndi chigayo cha a Ahmad. Chitsulo chamoto cholumikizira mawaya chinali chitawapha nsonga za zala.

Vuto la zalazo linaonekera pamene akazi awo, a Eveles, anayamba kubanika. Dokotala wa ku Salima anati a Fletcher aziwagwira mtsempha wa pamkono m'mawa uliwonse, ndipo mtima ukadumphiza, abwere nawo tsiku lomwelo. A Fletcher anagwira, osamva kanthu. Zoitana anansi kuti aziwagwira, a Eveles anakana, ati matenda awo si nkhani ya pachitsime.

Choncho a Fletcher anaphwasula wailesi yakufa. Kasipika kake anakasandutsa khutu, matiranzisita n'kumakuza zomwe kamva. Posafuna kutopetsa wodwala, anayesera chipangizocho pa chitini chodontheza madzi pachikopa cha ng'oma, ndipo chinamveka bwino zedi. Koma anayesa Lachisanu masana, a Ahmad atatseka chigayo kupita kumzikiti.

M'mawa mwake, chigayo chikulira monga chinkachitira kuyambira kusanache, anachiika pachifuwa cha akazi awo.

"Mukumva chiyani, bambo a Molly?"

"Mgaiwa."

"Ndiye kuti munakwatira thumba la chimanga."

"Musaseke, mayi, mukundigonthetsa."

Anasinthasintha tizipangizo kuti asefe phokosolo. Kulira kwa injini kunachepa, koma kugunda kwake kunatsala, pakuti waya sasiyanitsa injini ya dizilo ndi munthu amene mwini wayayo amamukonda.

Potsiriza anawoloka msewu, chipewa chili m'manja, napempha a Ahmad kuti azizimitsa injini pang'ono m'mawa. A Ahmad sanafunse chifukwa. Anangoyang'ana a Eveles amene anatsamira chipupa kutsidyako, n'kuvomera. Amayi odikira kugayitsa anayamba ndi kudandaula, kenaka anazolowera, mpaka kumatontholetsa okha ana kumbuyo.

M'bata loterolo, m'mawa wina wa m'chilimwe, a Fletcher anamva mtima ukugunda, kuima, n'kuthamanga. Anamangirira mtsamiro pakaliyala ya njinga.

"Mwamva chiyani lero?" anafunsa a Eveles.

"Kwerani, mayi. Mundigwire zolimba."

Anafika kuchipatala dzuwa lisanapendeke, ndipo a Eveles anagonekedwa nthawi ikadalipo. Anabwerera kwawo mvula yoyamba itagwa, ali ndi mapiritsi pa mfundo ya chitenje, akudzudzula amuna awo chifukwa chosakonza munda.