Mabokosi Awiri a Nyali za pa Siteji

M'zaka za m'ma 1990 ananditumiza kukaphunzitsa sayansi pa sekondale ina ku Chama. Ndinali mnyamata wochokera ku Chipata, ndipo inali ntchito yanga yoyamba. Sukuluyo inali ndi jenereta yakeyake ya dizilo, komanso holo momwe ana ankachitira zisudzo.

Gulu la zisudzo linali m'manja mwa aphunzitsi a Chingelezi, bambo achikulire amene anakhalako ku migodi ali anyamata. Kumeneko anabwerako ndi bokosi lachitsulo loyendetsera nyali za pa siteji. Linali ndi maswichi otsetsereka: ukakankha pang'onopang'ono, nyali inkawalanso pang'onopang'ono ngati kukucha. Bokosilo ankalifunditsa chitenje, ndipo sankalola munthu wina kulikhudza.

Tsiku lina anandipeza ndikutsuka mabotolo m'chipinda cha sayansi.

"Mphwanga, jenereta ija sindiikhulupirira," anatero. "Undipangire bokosi lina loyendera batire, kuti ikatithimira sewero lisaime."

Ndinakhoma kabokosi ka matabwa, n'kuikapo maswichi wamba a m'nyumba. Nyali ndinagulula pa galimoto yakufa imene inali kuseri kwa khitchini, ndipo batire tinkabwereka la lole ya sukulu. Akuluwo anandiuza kuti ndiloweze ndondomeko yonse ya sewero. Iwo akayatsa kumanzere pa bokosi lalikulu, inenso nditchere kumanzere pa langa, koma waya wa batire ukhale wochotsa. Jenereta ikathima, ndingolumikiza wayayo basi.

Choncho ndinkakhala ndekha pakona ya holo, iwo ali pakona ina, ndikudina maswichi osayatsa kanthu. Aphunzitsi anzanga ankaseka, amvekere ndikuyendetsa galimoto yopanda injini. Teremu yonse inatha jenereta osalakwa ngakhale kamodzi pa nthawi ya sewero. Ndinayamba kudzifunsa ngati ntchito imene palibe amaiona imakhalabe ntchito.

Kenako linafika tsiku la makolo, m'nyengo yotentha ija ya m'chigwa. Anthu anabwera wapansi ndi pa njinga kuchokera ku Kambombo, ena atagonera m'njira kuchokera ku Chifunda. Sewero tinachita masana kuti apafupi abwerere kusanade, ndiye mawindo tinatchinga ndi mabulangete a ana ogonera pasukulu. M'holomo munali ngati mu uvuni.

Sewerolo linali la njovu imene inadya munda wa chimanga wa mayi wamasiye. Njovuyo anali anyamata awiri ofunda bulangete limodzi lotuwa. Ikatha kuwononga, nyali zonse zinkathima kanthawi kochepa, kenako n'kuyaka imodzi kumanzere, pomwe mtsikana wosewera mayiyo ankagwada n'kulira.

Nyali zinathima monga mwa masiku onse. Ndinatchera swichi yakumanzere n'kudikira. Koma mdimawo unatalika. Nditatchera khutu ndinazindikira kuti phokoso la jenereta, limene tinali titalizolowera, latha. Ndinapapasa waya uja mumdima n'kuulumikiza.

Nyali yanga inayakadi kumanzere, koma mtsikana uja kunalibe. Kunali njovu, itagawika pakati. Wa kumutu anali atavula bulangete akumwa madzi m'kapu, wa kumchira atakhala pansi akudzikupiza ndi khutu la katoni. Holo yonse inaphulika ndi phwete. Nthawi yomweyo ndinamva mtsikanayo akuyamba kulira mumdima, kumanja. Ndinathimitsa msangamsanga n'kuyatsa ya kumeneko.

Mwanayo sanasokonezeke. Anapitiriza kulira, atagwira mapesi othyoka, pansi pa kuwala kofooka kwachikasu kwa nyali ya galimoto. Kuseka kunazirala. Mayi ena a ku Chifunda, amene anakhala pafupi nane, anayankhula mokweza m'Chisenga kuti nawonso analira choncho chaka chathacho, njovu zitawathera munda. Sewero lonse lotsala linathera pa batire.

Anthu atabalalika, akulu aja anabwera pakona yanga. Ndinkayembekezera kukalipiridwa. Iwo anakhala pa benchi n'kupukuta thukuta.

"Dzulo madzulo ndinamusamutsira kumanja mtsikana uja, kuti njovu izikhala ndi potulukira," anatero. "Ana onse ndinawauza."

"Koma ine simunandiuze, akulu."

"Sindinakuuze. Kunena zoona, ndinaiwala kuti uliko."

Mawu amenewo anandipweteka masiku angapo. Pambuyo pake ndinaona kuti sananene mwachipongwe. Zinthu zikamayenda bwino, munthu wodikira tsoka amafufutika m'maso mwa anzake, ngakhale mwa amene anamuikapo. Ndipo bokosi lachiwiri silingathandize ngati silidziwa zimene loyamba lasintha.

Sabata yotsatira ndinapeza atakoka tebulo langa n'kuligundanitsa ndi lawo.

"Manje tizikhala pamodzi," anatero. "Ndikasintha kanthu, uziona ndi maso ako."

Anavundukula chitenje chija n'kundionetsa momwe amakankhira swichi ndi chala chachikulu, osathamanga. Kuyambira pamenepo tinkasinthana. Sewero lina ine pa bokosi lalikulu, iwo pa la matabwa, lotsatira n'kubwererana.

Ulendo woyamba iwo kukhala pa kabokosi kanga, ndinawaona chamseri akudina maswichi akufawo mosamala, milomo ikuyenda potsatira mawu a ana pa siteji. Sewero lili pakatikati anandigunda ndi chigongono.

"Iwe, unkapirira bwanji pano?" ananong'ona.

Nthawi yomweyo mwana wina anali akulowa pa siteji ndipo ndinayenera kumuwalitsira. Tinagwira ntchito limodzi choncho mpaka iwo anapuma pantchito n'kupita kwawo ku Lundazi.