Mphere za Bota

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Fulansisiko, m'mphuno mumabwera fungo la nsatsi zokazinga, lija lolemera limene limakakamira m'chovala ngakhale uchape kawiri, ndipo m'makutu ndimamva mtondo ukugunda kuseri kwa nyumba dzuwa lisanayambe kuwotcha. Amuna a kwathu ku Zobwe sagwira munsi, koma agogo nsatsi zawo ankasinja okha, uku akudandaula kuti minsi ya masiku ano njopepuka. Anali munthu wosakhazikika. Kudya ankadya ataimirira. Kutchalitchi ankakhala pafupi ndi khomo, ndipo Misa isanathe unkawapeza ali panja, akuyendayenda manja ali kumbuyo. Amayi ankati bambo awo anakhalira linthumbu ali mwana ndipo silinawachoke. Ine ndinatengera komweko, ndipo sindikunena monyadira.

Tinabwerera kwathu nkhondo itatha, pa lole imene inatitenga ku msasa wa othawa nkhondo ku Mwanza, ku Malawi. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kwathu kumene akuluakulu ankakutamanda tsiku ndi tsiku ndinakupeza kuli tsekera, zipupa zopanda denga ndi mtengo umodzi wa mango. Ankatiletsa kuponda pamene sipanapondedwe, kuopa mabomba okwirira. M'tsekera momwemo munatuluka galu akukoka nsapato yakale ya msilikali, ndipo agogo anamutcha Bota, monga mmene nsapato zotere amazitchulira pa Chipwitikizi.

Kunena zoona, Bota sanali woti n'kumuyang'ana kawiri. Ubweya unatsala pamutu ndi kunsonga kwa mchira basi. Kwina konse kunali nkhanambo zotuwa, zong'ambika, ndipo ankadzikanda mpaka kutuluka magazi. Ankanunkha. Ana anzanga ankamugenda. Koma anandisankha ine, sindikudziwa chifukwa chake. Ndikapita kuchitsime iye ali pambuyo, ndikakhala pansi iye wagona chapatali pang'ono, maso ali pa ine. Kumsasa sindinakhalepo ndi kanthu kangakanga, ngakhale bulangeti tinkafunda atatu. Ndinamukonda galu uja ndi mtima wonse.

“Ndi mphere izi,” agogo anatero atamuyang'ana bwinobwino. “Zimapola. Koma sizimva kukalipira.”

Pakapita masiku atatu alionse ankatsikira kudambo kukathyola masamba a mthuthu, aja ophera nsomba, n'kuwasinja, n'kuwaviika mpaka madzi abiriwire. Madzi amenewo ankamusambitsa nawo Bota, akumukhula ndi chitsononkho kuti nkhanambo zifewe. Kenako ankabwera ndi mafuta a nsatsi, amene anawiritsa okha m'chitini n'kuwengula pang'onopang'ono ndi nthenga ya nkhuku, n'kusakaniza ndi phulusa losefa. Ankapaka ndi zala, malo ndi malo, mpaka m'kati mwa zikhadabo.

Vuto linali lakuti galu akanyambita mafuta a nsatsi amatsekula m'mimba, ndipo ukamusiya amakagubuduka m'fumbi, ntchito yonse n'kupita pachabe. Munthu wina aliyense akanangomumanga pamtengo, n'kumukulunga luzi kukamwa, n'kupita ku ntchito zake. Agogo ayi. Ankakhala pamwala, galu ali pakati pa mawondo, manja atagwira mutu wake, mpaka mafuta alowe. Munthu amene sankatha kudikira kuti phala lizizire ankakhala pamenepo mpaka mthunzi wa mango usunthe, mwendo ukunjenjemera, maso akuthamangira kumunda kumene ntchito inali kuwadikira.

“Agogo, bwanji osangomumanga?” ndinawafunsa tsiku lina.

“Akazi anga,” anatero, poti ndimo ankandiitanira pondiseka, “inu nditakumangani mungandiphikirenso?”

Ndinaseka, koma funso langa sanaliyankhe.

Panapita milungu itatu, Bota akuoneka chimodzimodzi. Ndiye mng'ono wanga Luiza, amene anali atangoyamba kukwawa, anayamba kudzikanda m'khosi. Abambo anali mkamwini pamudzi pa agogo, ndipo sakanatha kuima pamaso pa apongozi awo n'kuwauza za galu wawo. Choncho analankhula kwa amayi m'nyumba, mokweza dala kuti mawu atuluke panja.

“Muwauze bambo anu kuti likafika Lamulungu lamawa galu uyu ali chonchi, ndimutengera kuphiri ndi nkhwangwa. Mwana sangafe chifukwa cha chinthu chotola m'tchire.”

Agogo anali pabwalo pomwepo akusenda nsatsi. Sanatukule mutu. Anangoti, “Mwana wanga, uwauze amuna ako kuti ndamva.”

Ine ndinkayembekeza kuti tsopano afulumira, azimupaka m'mawa ndi madzulo. Koma ayi, anapitiriza mwa masiku atatu omwe aja. Ndinapsa mtima. Chilichonse ankachita mothamanga, koma pa chinthu chimodzi chofunika liwiro, mpamene anasankha kuyenda ngati nkhalamba. Ndinkawerenga masiku pa zala, chakudya osalowa, ndipo ndikaona nkhwangwa ya abambo itatsamira pakhoma ndinkayang'ana kumbali.

Masiku amenewo ndinkagulitsa nthochi pachipata cha malire, pamene malole ochokera ku Tete ankaima mzere wautali kudikira mapepala. Ndinadandaulira mayi wina amene tinkagulitsa naye limodzi.

“Iwe mwana, ukulilira zimenezo?” anatero. “Olyo keimadu! Mafuta akuda aja amakhetsa m'injini. Ku Tete agalu onse amachira ndi amenewo. Masiku awiri basi, mphere zonse mbee! Za masambazo n'za makolo.”

Sananene mwankhanza, iye ankakhulupiriradi zimenezo, ndipo anthu ambiri amazikhulupirira mpaka pano. Dalaivala wina anandithirira m'chitini osafunsa n'komwe kuti ngachiyani. Ndinabisa chitinicho m'tsekera.

Lachitatu agogo anakwera lole kupita ku Moatize kukalembetsa makasu ndi mbewu zimene ankagawira obwerera. Lachinayi m'mawa, agogo asanabwere, amayi ndi abambo atapita kumunda, ndinamuitana Bota. Anabwera akugwedeza kamchira kake. Ndinamumanga luzi m'khosi n'kumangirira pamtengo wa mango, koma kukamwa ndinamusiya chifukwa ndinamumvera chisoni. Ndinamupaka mafuta akuda aja pamsana, m'nthiti, m'khosi, m'miyendo. Mafuta anatha ndisanafike kumimba.

Poyamba anangoima, akundiyang'ana. Koma mthunzi utasuntha, dzuwa linagwira thupi lakuda lija, ndipo anayamba kulira, kulira kwake kosati kwa galu. Ankazungulira mtengo, luzi likumukoka, akudziluma, akunyambita paliponse pamene lilime linafika. Ine ndinkangoti, “Pirira, Bota, pirira,” poti ndinamva akulu akunena kuti mankhwala akamawawa ndiye kuti akugwira ntchito. Kenako anasanza zakuda. Miyendo yakumbuyo inayamba kunjenjemera, n'kugwa.

Agogo anandipeza nditaima pomwepo, manja ali bii. Khasu latsopano limene anali nalo paphewa analiponya pansi. Sanayang'ane mafuta aja, sanayang'ane ine. Anayang'ana luzi.

“Wamumanga ndani?”

Mawu amenewo sindinawamvepo m'kamwa mwawo, otsika kwambiri. Anagwada n'kudula luzi ndi mano, osadikira mpeni. Kenako anakuwa: “Gaga! Sopo! Madzi! Thamanga!”

Tinamukhula ndi gaga kuti gagayo ayamwe mafuta aja, gaga n'kuda, ife n'kutaya, n'kutenga wina. Sopo mmodzi yekhayo amene amayi ankasungira matewera a Luiza anathera pamenepo. Agogo anasinja makala, n'kusungunula m'madzi, n'kumuthira kukamwa pang'onopang'ono. Ali m'kati mosambitsa anayamba kulankhula, osandiyang'ana.

“Tsiku limene tinathawa, iwe unali kumsana kwa amako. Ndinali ndi galu wina, wouwa kwambiri. Akanatitsatira, asilikali akanatimva tonse. Ndinamumanga ndi waya pamtengo womwewu, ndinati ndikawasiya ana kutsidya, mawa ndibwera kudzamumasula.” Anafinya chiguduli. “Mawa lakelo linatenga zaka zisanu ndi ziwiri. Titabwera ndinapeza waya uli pomwepo, mfundo yanga yosamasuka.”

Sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya.

Lachisanu lonse anakhala pamwala paja, Bota ali pamiyendo pawo, ndipo mwendo wawo sunanjenjemere ngakhale pang'ono. Loweruka m'mawa, tsiku limene abambo ananena lija lisanafike n'komwe, Bota anafa.

Amene anakumba dzenje ndi abambo. Atamaliza anavula chipewa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawamva akulankhula kwa apongozi awo popanda kudzera mwa amayi.

“Bambo, ine sindikanamupha. Ndimangofuna kuti mayi ake a Luiza aone kuti ndalankhulapo.”

Agogo anangogwedeza mutu. Koma asanamuike Bota m'dzenje, agogo anandiitana, osati akazi anga, koma ndi dzina langa lenileni.

“Rozina, bwera kuno. Ndipatse dzanja.”

Anamutembenuza Bota chagada, n'kuyendetsa zala zanga pamimba pake, pamene mafuta anga sanafike. Panalibe nkhanambo. Khungu linali losalala, ndipo pansi pa zala zanga ndinamva tiubweya tatsopano, tatifupi, tofewa ngati ta kamwana ka mbewa.

“Ubweya umayambira kumimba,” anatero. “Ndinauona Lolemba. Ndimati ndikuonetse Lamulungu, abambo ako ali pomwepo.”

Ndinalira mpaka mawu anatha, ndipo anandisiya ndilire.

Lero ndimakhala ku Moatize, ndili ndi ana anga, ndipo mtima wanga ukadali wothamanga. Mwana akadwala, tsiku lachiwiri ndimakhala nditayamba kale kukayikira mankhwala a kuchipatala, miyendo ikufuna kupita kwina kumene akuti amachiza msanga. Ndimadzigwira movutikira, ndipo si nthawi zonse pamene ndimakwanitsa. Agalu a mphere kuno ngambiri, ndipo ndinayambanapo ndi anthu osawadziwa pamsewu nditawaona atanyamula chitini cha mafuta akuda, galu ali pachingwe. Ena amati ndine wamisala. Koma galu aliyense wodwala akandilola kumugwira, ndisananene kanthu kwa mwini wake, dzanja langa limayamba lapita kumimba.