Mbuzi Yofera pa Kaliyala

Mbuzi inafera pa kaliyala wa njinga ya alamu tisanafike pa Nsanama. Ndinayamba kuiona ndine, chifukwa ndinkabwera m'mbuyo ndi njinga ya nkhuni. Mutu unali lende, lilime panja. Ndinaitana alamu anga, achimwene awo a akazi anga, eni mbuziyo ndi chiwaya chimene ndinkagwirapo ntchito. Anatsika, anaigwedeza, anaimenya pamimba. Sinaphethire n'komwe. Anali ataimanga okha ndi mphira mpaka pakhosi, kunja kuli dzuwa la Okutobala. Ndinawauza ponyamuka kuti athinitsa. Anati ndiyang'ane nkhuni zanga.

Anayang'ana uku ndi uku mumsewu, n'kukankhira njinga m'munda wa nandolo. Anatenga mpeni wanga m'thumba ndi kudula pakhosi. Magazi anangodontha pang'ono, akuda. Anati tikafika tikanene kuti yachinjidwa kumudzi komwe tagula.

Pa Nsanama nyama ya mbuzi sigulitsidwa chisawawa. Ogula ambiri ndi Asilamu. Sadya nyama pokhapokha Msilamu mnzawo ataichinja ikadali yamoyo, atatchula dzina la Mulungu. Ife Akatolika timazidziwa zimenezo ndipo sitikangana nazo. Mbuzi zathu ankachinja ndi amwalimu a pamzikiti, bambo wachikulire, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Ife tinkawapatsa nyama ya pakhosi. Anthu ankadya kanyenya wathu osafunsa chifukwa ankakhulupirira mpeni wa amwalimuwo.

"Sendani, alamu, nthawi ikutha," anandiuza m'munda wa nandolo muja.

"Iyayi."

"Mwayamba liti kusala? Si inu mumadya mbewa ndi ubweya womwe?"

"Ndimadya. Koma sindinamizapo munthu kuti ndi nkhuku."

Anasenda okha. Chikopa anachiboola paliponse. Ine ndinangogwira njinga yanga.

Kwathu ndi ku Phalula, ku Balaka. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi. Ndinabwera ku Nsanama chikamwini, kudzakhala kwawo kwa mkazi. Nyumba ndinamanga pamalo awo. Dimba limene ndinkalima kudambo anandiloza ndi alamu omwewo, chifukwa ndiwo eni mbumba, olamula za alongo awo ndi ana. Pa chiwaya ndinagwirapo zaka zambiri. Kusenda ndine, kutsuka matumbo ndine, kukulunga nthumbwana ndine, utsi m'maso ndine. Iwo ankakhala pa benchi ndi thumba la ndalama m'chiuno. Madzulo ankandipatsa mutu ndi mang'ina kuti ndikapatse ana. Makasitomala akachuluka ankakonda kuwauza kuti kwawo anabwereka tonde ku Balaka, ntchito yake ndi kuchulukitsa mbumba. Anthu ankaseka. Ine ndinkatembenuza nyama.

Tsiku limenelo titafika pamsika ndinatsitsa nkhuni n'kukhala patali. Anthu anayamba kufunsa kuti bwanji mkamwini sakukazinga. Alamu anafunika yankho, ndipo analipeza msanga. Anaimirira ndi kunena mokweza kuti andichotsa ntchito chifukwa ndimaba chiwindi. Akuti ndimabisa m'matumba a thalauza, n'chifukwa chake agalu amanditsata. Msika wonse unaseka, amayi a tomato, anyamata a kabaza, onse. Mpeni wanga, umene ndinabwera nawo kuchokera ku Phalula, anaunyamula m'mwamba n'kuti uwu utsala kuno, ukhale chindapusa.

Ndikanatha kulankhula pomwepo. Nyama inali ikuwira m'mafuta, anthu ovala zikofiya atayamba kale kutola ndi timitengo. Koma tsiku limenelo ndinali wakuba wongothamangitsidwa kumene. Akanati ndi mkwiyo. Ndinaisunga nkhaniyo ngati mbewu, kudikira mvula.

Maganizo a chiwaya changa sanayambe tsiku limenelo. Ndinkawaganiza kalekale, n'kumawasiya. Ntchito ndinkaidziwa, ndipo ndinkadziwanso zimene zimagwetsa anthu. Mafuta ophikira amakwera mtengo osakuuza. Mbuzi ikatsala lero, mawa yayamba fungo, firiji palibe. Mvula ikagwa anthu amaika ndalama ku feteleza, nyama amangoinunkhiza podutsa. Ndinaonapo amuna ambiri akuyatsa moto mwezi wokolola, pofika Januwale chiwaya chili kuseri kwa nyumba, nkhuku zikumweramo madzi. Ndipo ukakhala wolembedwa, mbuzi ikawola ndi ya mwini wake. Iwe mang'ina ako ulandirabe.

Ndinakhala ku dimba masabata angapo, kuthirira mpiru ndi kuganiza. Ndinapita ku Liwonde kukaona. Pafupi ndi pokwerera maminibasi ziwaya zinali zothithikana, utsi wokhawokha, aliyense akukuwa. Mlendo sakanapezapo poima. Ndinapitanso kwathu ku Phalula. Abale anandiloza malo m'mbali mwa msewu waukulu, pomwe magalimoto amaima kugula chimanga chootcha. Malo abwino. Akazi anga anasangalala nawo. Anati ndipite kumeneko, ndizibwera kudzaona ana, mtima wa achimwene awo uzizire. Iwo kuchoka pamalo a mayi awo sakanatha.

Ndinatsala pang'ono kuvomera.

Kenako m'mudzi munagwa maliro. Pa maliro onse a m'mudzimo nyama ankadula ndine, palibe ankachita kundiuza. Ndinafika m'mawa ndi mpeni wobwereka. Ndinapeza ntchitoyo aipereka kwa wina, munthu wosadziwa ngakhale pochotsa ndulu. Nditayandikira, mkulu wina anakoka beseni la nyama ndi phazi, kulisendeza kumbuyo kwake. Wina anati agalu afika, ndiye kuti mwini wawo ali pafupi. Anaseka chapansipansi, poti ndi pa maliro. Alamu anali pomwepo, akusewera ndi kiyi wa njinga yamoto imene anali atangogula.

Ndinapita kumanda kukathandiza kukumba. Ndili m'dzenjemo ndinamaliza kuganiza. Ku Phalula ndikanapeza ndalama mwina kuposa pa Nsanama. Koma ku Phalula alamu sakanandiona. Ndikanachoka ndili wakuba chiwindi, ndipo ana anga akanakula ndi dzina limenelo.

Ndinagulitsa nandolo yense. Ndinagulitsanso njinga. Wowotcherera wa ku Liwonde anandipangira chiwaya, ndinabwera nacho pa minibasi chili pamaondo. Malo ndinapempha kwa oyang'anira msika, tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi benchi ya alamu. Anandifunsa ngati sindikufuna pena. Ndinati pomwepo.

Akazi anga atamva analira. Anati achimwene awo atumiza mawu kuti ndikadzangoyatsa moto pamenepo, dimba alanda, ine ndimange katundu. Anandifunsa ngati chiwaya chimabereka mpiru, ngati chiwaya chimalera ana. Sindinawayankhe mwaukali. Mkazi ameneyu sanandilakwirepo. Ndinangowauza kuti dimbalo ndalima zaka zonsezi ndili wobwereka, ndipo ndatopa kubwerekedwa.

"Nanga ine ndiime mbali iti, abambo? Uku mlongo wanga, uku inu."

"Imani pamene muli. Ine ndiima panga."

Masiku omwewo nkhani ya mbuzi ija inayamba kununkha yokha, ine osatsegula pakamwa. Munthu amene anatigulitsa mbuziyo anabwera pamsika kudzagula mchere. Pocheza ndi anzake anatchula kuti mbuzi yake inachoka pakhomo ikulira, ndipo m'mudzi mwawo mulibe Msilamu ngakhale mmodzi. Mawu anayenda mpaka kumzikiti. Anthu sanasiye kugula kwa alamu, koma anayamba kuima kaye asanatole.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ndiyambe, alamu anandipeza ndikuumba ng'anjo ya chiwaya. Chichitikireni zija anali asanandilankhule. Anaimika njinga yamoto, anakhala pa njerwa, anandifunsa za ana ngati kuti sakhala mudzi womwewo. Kenako anafika pa nkhani. Anati amwalimu akufunsafunsa. Alamuwo awauza kuti mbuzi ija anachinja Msilamu wina wapaulendo amene tinakumana naye panjira, ndipo ine ndinalipo. Ndikavomera, dimba likhala langa mpaka imfa, chiwaya changa sachikhudza, ndipo adzauza anthu kuti za chiwindi zija zinali zopsa mtima chabe.

"Ndife amodzi, alamu. Magazi anu ali m'mbumba yanga."

"Ndamva."

"Mwamva, kapena mwavomera?"

Ndinapitiriza kumata dothi. Anakhala pang'ono, kenako analiza njinga yawo.

Sindinama, ndinaziganizira. Dimba lija ndi lachonde. Limatidyetsa mwezi umene anthu ena amagona ndi madeya. Akazi anga akanagona tulo. Mawu ake anali ochepa, ongoti inde, ndinalipo. Ndinayesa kuwanena ndekha ndikusamba m'manja pa mjigo. Sanatuluke. Ndinangoona phazi lija likukoka beseni.

Tsiku la msika ndinalawirira ndi mbuzi yanga yoyamba. Sindinaimange pa njinga, poti njinga ndinalibe. Ndinayenda nayo pansi ndi chingwe, kudutsa pakati pa msika, ikulira, ikukokera ku masamba a amayi ogulitsa. Aliyense anaiona kuti ndi yamoyo. Pa mtengo wa mango ndinapeza amwalimu akunola mpeni, ndi amuna angapo a kumzikiti. Alamu analinso pomwepo ndi mbuzi yawo, kudikira. Masiku amenewo ankafika molawirira kwambiri, ndi moni wambiri.

Amwalimu anayamba ndi yanga. Ndinaigwira miyendo, iwo anailozetsa kumene amalozetsa, ananong'ona mawu awo, n'kudula. Magazi anathovoka ofiira, mbuzi ikuphiriphitha. Tinadikira mpaka inazizira. Ndinadula nyama ya pakhosi n'kuwapatsa pa tsamba la nthochi.

Mbuzi ya alamu amwalimu sanaikhudze. Anatsuka mpeni pang'onopang'ono ndi madzi a m'kachigubu, kenako anandiyang'ana. Anati ali ndi funso, ndipo akufunsa ine chifukwa zaka zonsezi sanandimvepo ndikulankhula zambiri. Anati tsiku lija anthu awo anadya, ena anatengera ana kunyumba. Iwo eni anadya nawo, alamu atawapatsa yaulere. Akufuna kudziwa chimene anadya.

Alamu anayamba kulankhula msangamsanga. Anafotokoza za munthu wapaulendo uja, chikofiya chake choyera, njinga yake, kumene ankapita. Amwalimu anakweza dzanja kuti akhale chete.

"Bambo, inu munalipo. Mbuzi ija inachinjidwa?"

Anthu ena anali atabwera kuchokera ku mabenchi, amayi a tomato omwe aja, anyamata a kabaza omwe aja. Patali ndinaona akazi anga, mwana kumbuyo, atagwira pakamwa. Alamu anali atatuluka thukuta pamphuno, chingwe cha mbuzi chili m'manja mwawo.

"Auzeni, alamu," anatero. "Alamu anga, auzeni anthuwa."

Ndinawayang'ana mpaka anagwetsa maso. Bodza lawo sindinalivomere, ndipo onse pa mtengopo anaona zimenezo. Ndinawerama, ndinagwira mbuzi yanga miyendo, ndinaiponya paphewa. Anthu anapatuka, ndipo ndinadutsa pakati pawo kulowera tsidya lina la msewu.